Madonasi a Khirisimasi ndi Mafuta a Leonadi

Kumesi ya mgodi, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi

Dalitso ndi Tereza, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa palibe chimene ndinachita ku Kamushanga, komboni imene ndinakulira, choposa kutunga madzi ndi kubereka kumsana mlongo wanga Leonadi, malume anu. Ndiyambira pa ntchito. Bambo anga anabwera kuno ku Kabwe kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito mumgodi, ndipo ndiwo anandipezera malo kukhitchini ya mesi, kumene akuluakulu a mgodi ankadyera. Anandisiya m'manja mwa a Sakala, mkulu wa ophika, munthu wa ku Katete, wamfupi, amene mawu oti zikomo ankamuwawa pakhosi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkangokwecha mapoto. Tsiku lina mu Disembala wokanda fulawa anadwala, a Sakala n'kundiloza ndi chipande. "Iwe mwana wa ku Nyasalande, uzafela pa sinki? Samba kumanja ubwele kuno." Umo ndi mmene ndinaphunzirira madonasi. Musawasokoneze ndi mandasi kapena vitumbuwa zapamsewu, a Sakala angadzuke kumanda. Awa tinkakanda ndi yisiti, mkaka, mazira, majarini ndi khungu la lalanje lopala, n'kudikira kuti afufume kawiri. Tinkadula ndi kapu, kuboola pakati ndi chitsekerero cha botolo, kukazinga, kenako kuwagubuduza mu shuga akadali otentha. Ankaphikidwa nyengo ya Khirisimasi yokha.

A Sakala anali ndi lamulo limodzi limene sankaseka nalo. Aliyense wobweretsa katundu kukhitchini, kaya nyama, kaya mkaka, kaya mafuta, ankayenera kudya kaye chakudya chophikidwa ndi katundu wakeyo, ife tikuona, chisanapite kumatebulo. Ndinaonapo wogulitsa nyama wina, bambo wa mimba yake, akutuluka thukuta pamaso pa mbale ya nyama yake yomwe. "Wogulisa angakuname na kamwa," ankatero a Sakala, "koma mimba yake sangainame." Ine ndinkaona ngati nkhanza za nkhalamba, koma lamulolo ndinalitenga, ndipo ndinayenda nalo kulikonse kumene ndinagwirako ntchito.

Mgodi utatsekedwa

Mgodi utatsekedwa, Kabwe inakhala ngati nyumba ya maliro anthu atabalalika. Ndinapeza malo kukantini ya anthu a njanji, kumene bwana wathu ankatitumiza kukaphika nyama imene sanagule. Kunali masiku osowa shuga, masiku osowa fulawa, ndi masiku osowa zonse pamodzi, moti ndinaphunzira kuphika ndiwo za anthu makumi anayi ndi tomato atatu. Kumeneko ndi kumene ndinali pamene bambo anu anamwalira. Kantini itatsekedwanso, ndinalowa ntchito kumalo odyetsera ana ku Natuseko, kumene ana amasiye ndi a m'mabanja ovutika ankalandira chakudya cha masana. Woyang'anira anali a Chanda, mayi wa Chibemba, mphunzitsi wopuma, wolungama ngati rula komanso wouma ngati rula yomweyo. Sitinkakondana kwenikweni, koma tinkalemekezana. Anandipatsa makiyi a sitolo ya chakudya chaka choyamba chomwe, ndipo chaka chilichonse pa 24 Disembala tinkachitira anawo phwando. Ambiri a iwo donasi ankaliona tsiku limenelo lokha.

Leonadi kutsekedwa kwa mgodi kunamuthyola msana. Anali wothandiza amisiri a zamagetsi, wa manja anzeru, koma ntchito yokhazikika sanaipezenso. Ankangokonza mawailesi, mashitovu, lero uku mawa uko. Mkazi wake atamuthawa, anabwerera kwa amayi ku Kamushanga ndi kamwana kake Lusiya. Ndinene zoona, iye ndiye ankasamala amayi tsiku ndi tsiku, kuwatengera kuchipatala, kuwakonzera denga. Ine ndinkangopitako Lamlungu ndi kathumba ka shuga n'kumadziona ngati mwana wabwino.

Pa 20 Disembala, chaka changa cha khumi ku Natuseko

Chaka chimenecho mafuta ophikira anavuta. Kuno timati saladi. Mtengo unakwera, ndipo amene ankatithandiza chaka ndi chaka anatumiza fulawa ndi shuga, mafuta ayi. A Chanda anandiitana muofesi ndi dzina la mwana wanga, monga amachitira Abemba. "Bana Dalitso, saladi kulibe. Chaka chino bana bazadya chabe rice." Zinandipweteka, chifukwa anawo anali atayamba kale kundifunsa za madonasi kuyambira mu Novembala. Madzulo ake ndinadutsa kwa amayi ndikudandaula, Leonadi n'kumva. "Ba sisi, mwavutikila chani? Nili na munzanga amabwelesa saladi yochipa kuchoka ku border. Mailo nizabwelesa vigubu viwili." Sindinafunse zambiri. Ndinkafuna madonasi, ndinkafunanso kuti mlongo wanga aoneke munthu pamaso pa anthu. Ndinakamunenera kwa a Chanda ndi pakamwa pangapa, kuti ndi mwana wa mayi anga ndipo ndikumudziwa. M'mawa mwake anabwera nazo pa njinga, zigubu ziwiri zachikasu, chilichonse chomangidwa kawaya kabuluu pa chogwirira kuti zisasokonezeke ndi za ena.

Pa 22 Disembala

Tinayamba m'mamawa, ine ndi mnzanga wa kukhitchini, Bana Mwape. Magetsi kunalibe sabata yonse, akuti akuba anakhuthula mafuta m'thiransifoma ya m'dera lathu, ndiye tinayatsa mbaula zitatu pakhonde. Kunja kunali chinyezi cha mvula, ndipo fulawa inafufuma msanga mpaka kukankha nsalu. Madonasi oyamba anatuluka okongola kuposa onse amene ndinaphikapo, ofiirira bwino, onyezimira. Ana ena anali atamva kale fungo n'kudzaunjikana kumpanda. Tinakazinga mpaka dzuwa kufika pamutu, mabeseni anayi n'kudzaza. Ndipamene Bana Mwape anasuzumira m'chiwaya, mmene munali mafuta omwe aja a m'mamawa, n'kuseka. "Iyi saladi ya ba brother banu ni yabwino, mwe! Kuchokela kuseni siisila, siida."

Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira kumsana. Ndinali nditakazinga zaka zoposa makumi atatu. Mafuta amatsika chifukwa fulawa imamwa, amada, amachita thovu, amayamba kununkha kupserera. Awa anali mbee ngati tangowathira kumene. Ndinaweramira pa chiwaya n'kununkhiza. Pansi pa fungo la lalanje ndi shuga panali kafungo kena, kamene ndinkakadziwa koma osati kukhitchini. Kanali ka ovolosi ya Leonadi masiku amene ankabwera kuchokera kumgodi. Ndinanyema donasi limodzi n'kuluma. Linali lokoma, koma linasiya kanthu koterera kumwamba kwa kamwa, kosachoka ngakhale ndi madzi. Ndinalavula. Pa wailesi ankachenjeza kawirikawiri za anthu osakaniza mafuta a m'thiransifoma ndi ophikira, ndipo ine ndinkangoti ndi za ku Lusaka. Ndinauza Bana Mwape kuti asalawe ngakhale kachidutswa, ndinalowetsa mabeseni onse m'sitolo, n'kukhoma, kiyi n'kumangirira pa chitenje.

Mtima unkakana. Ndinkadziuza kuti mwina mphuno yakalamba, mwina ndi mtundu wina wa mafuta a kunja. Ndiye ndinadikira, chifukwa Leonadi anali atanena kuti abwera masana kudzatenga zigubu zake. Anafika cha m'ma 3 koloko akuimba mluzu. Ndinamukokera mpando, ndinaika madonasi awiri pa mbale yoyera, n'kumuikira patsogolo.

"Khala pansi, Leonadi. Lamulo la khitchini yanga ukulidziwa. Wabweretsa ndi iwe, yamba ndi iwe."

Anaseka. "Ah, ba sisi, nakhuta. Nadya nshima manje manje."

"Limodzi lokha."

"Shuga inivuta masiku yano."

"Kuyambira liti? Iwe amene umathira masupuni anayi mu tiyi?" Ankayang'ana mbaula, denga, mapazi ake, paliponse kupatula mbale ija. Ndinatenga pepala n'kuyamba kukulunga. "Chabwino, usadye. Ndikukulungira asanu, ukampatse Lusiya."

Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka madonasi anagwa pansi. "Osamupasa mwana!"

Bana Mwape anagwira pakamwa n'kutuluka. Tinatsala awiri, dzanja langa likadali m'dzanja lake. Sindinakuwe. Ndikakwiya kwambiri mawu amandithera, inu mukudziwa. Iye ndiye anayamba kulankhula, mofulumira ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. "Ni yosakaniza chabe, ba sisi, half half. Bantu badya daily mu town, nindani anafa? Nisebenze kuti ine? Mankhwala ya ba mayo nigule na chani?" Ndinamufunsa ngati panali zigubu zina. Anati zina anagulitsa kwa azimayi a kumsika. Kenako anagwada, bambo wa imvi zake, pa simenti ya khitchini yanga. "Tayani, nilibe mawu. Koma kambani chabe ati dough inasasa. Mukakamba vya saladi, ba Chanda bazaitana ba police. Ba mayo bazasala na ndani?"

Atachoka, ine ndi Bana Mwape tinanyamula mabeseni. Kudzala sitikanataya, chifukwa ana akanatola tisanatembenuke. Tinapita nawo kuchimbudzi chokumba cha kuseri, n'kumaponya m'dzenje manja awiri awiri, ana kumpanda akutiyang'ana osamvetsa. Ndinalira, osati pang'ono. Mafuta otsala tinawakwirira. Tili pa beseni lomaliza a Chanda anatulukira, ndipo nkhope imene anaonetsa sindidzaiiwala. "Bana Dalitso, mwafunta? Fulawa yonse ya bana!" Ndinangoti madonasi sanali bwino. Anafunsa kuti sanali bwino motani, ine n'kungopitiriza kuponya. Anayang'ana Bana Mwape, iye n'kuyang'ana pansi. "Mailo ten hours komiti izankhala," anatero a Chanda. "Munibwelesele chifukwa chomveka. Ngati kulibe, munibwelesele makiyi."

Pa 23 Disembala

M'mawa ndinapita kaye ku Kamushanga. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, korona ili m'khosi, Lusiya akusewera ndi zitsekerero pambali pawo. Leonadi kunalibe. Anali atawauza zonse, ndinaonera mmene anandiyankhira moni osadzutsa mutu.

"Felista, ana aja adya?"

"Sanadye, amayi. Ndataya."

"Ndiye mlandu uli pati? Wataya, watha. Ukanene kuti fulawa inasasa. Ntchito akakuchotsa upeza ina, manja uli nawo. Koma ndende ikamutenga mlongo wakoyo, sabwerako wamoyo, chifuwa chake ukuchidziwa."

"Amayi, wagulitsanso kwa ena."

"Ena ndi ena. Ndikamuuza aleke, aleka. Iwe unamubereka kumsana mwana ameneyu. Chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndakwirira mwamuna, ndakwirira ana awiri, usandikwiriritse wachitatu ndili moyo."

Anandigwira chitenje. Amayi anga sanali munthu wopempha, ndipo kuwaona akupempha kunandithyola. Ndinati, "Ndamva, amayi." Ndipo ndinatsimikizadi mumtima kuti ndikanama. Ndikanene kuti ndinachulutsa yisiti, ndipereke makiyi, anthu andiseke kuti nkhalamba yaiwala ntchito. Ndinaona kuti manyazi amenewo ndingathe kuwasenza.

Ndikupita kokwerera minibasi ndinadutsa pamsika. Pakona panali mayi wina akukazinga vitumbuwa, ndipo pafupi ndi phazi lake panali chigubu chachikasu cha kawaya kabuluu pa chogwirira. Patsogolo pake panaima ana atatu. Wamng'ono kwambiri, kamtsikana ka msinkhu wa Lusiya, kanali katalandira kale chake, kakuuzira kuti chizizire. Ndinakalanda m'manja. Kanalira, mayi uja n'kudzuka ndi chipande. "Imwe ba mayo, muli bwino? Ndimwe ba council?" Ndinamuuza kuti mafuta akewo ndi oipa, asiye. Anandiseka pamaso pa anthu. "Saladi yanga ni yabwino, siisila. Ngati muli na jealous, yambani yanu business." Anatola chitumbuwa china n'kupatsa kamwana kaja, iko n'kuluma kakundiyang'ana ndi misozi. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru. Ndinaona kuti mawu anga ndekha sangatseke chigubu ngakhale chimodzi, ndipo sindinkadziwa kuti zigubu zoterozo zili pa makona angati. Leonadi sanafune kuti Lusiya alawe ngakhale limodzi, koma uyunso anali ndi amake kwinakwake.

Ndinafika ku Natuseko komiti itakhala kale, anthu asanu kuseri kwa tebulo. Ndinamasula makiyi n'kuwaika patsogolo pa a Chanda, kuti asaganize kuti ndikulankhula pofuna kuteteza ntchito. Kenako ndinanena zonse. Ndinatchula mafuta, ndinatchula msika, ndinatchula dzina la mlongo wanga ndi nyumba imene amakhala. A Chanda anavula magalasi. Kwa nthawi yoyamba pa zaka khumi anandilankhula motsitsa. "Bana Dalitso, muziba ati nifunika kuitana ba police?" Ndinati ndikudziwa. Anandikankhira makiyi aja, n'kutenga foni.

Pa 24 Disembala

Phwando linachitika. Ndi fulawa yochepa imene inatsala tinaphika masikono m'mapoto, makala pansi makala pa chivundikiro, opanda dontho la mafuta. Ana anadya, ena akudandaula kuti madonasi a chaka chino alibe chiboo. Ine ndinkagawa ndikumwetulira ngati munthu, koma mutu unali ku Kamushanga. Nthawi yomweyo apolisi anali kwa amayi. Anamupeza Leonadi akukonza wailesi pakhonde, anamumanga amayi akuona, Lusiya akukuwa. Tsiku lomwelo anazungulira pamsika n'kulanda zigubu. Leonadi anakhala kundende zaka zingapo. Anatuluka wamoyo, koma chifuwa chitatheratu, ndipo anapita ku Kitwe osadutsa pakhomo panga. Mpaka lero sitinalankhulane. Lusiya ndinamutenga ine, n'chifukwa chake munakula naye ngati mng'ono wanu. Inu tchuthi chimenecho munali kwa abale a bambo anu, ndipo ndinangokuuzani kuti malume apezeka ndi mlandu wa zamagetsi. Sindinakuuzeni kuti anawaneneza ndani.

Zaka zinayi zotsatira

Amayi sananditukwane. Bwenzi zili bwino akananditukwana. Ankandiyankha moni, ankalandira sopo ndi makala, koma kuyambira tsiku limenelo sanadyenso chilichonse chophikidwa ndi manja anga. Ine amene ndadyetsa mabwana a mgodi, anthu a njanji ndi ana a eni osawerengeka, mayi anga ondibala ankakankha mbale yanga n'kunena kuti sakumva njala, kenako n'kukapempha ndiwo kwa aneba. Ndinapitiriza ntchito mpaka kupuma, ndipo madonasi ndinkaphikabe Disembala aliyense, ndi mafuta ogula ndekha m'sitolo, osindikiza. A Chanda ndi komiti anandiyamikira pa tsiku lotsanzikana, koma mawu awo sanafike pamene pankawawa.

Amayi atadwala matenda omaliza ndinawatengera kunyumba kwathu, iwe Tereza uli pa tchuthi. Masiku awiri sanadye kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa ndinaphika phala la mpunga lothira nsinjiro, mmene ankalikondera, n'kukupatsa kuti ukanene kuti waphika ndiwe. Unalowa nalo kuchipinda. Patapita nthawi unatuluka ukumwetulira, n'kundiuza kuti agogo adya lonse ndipo ati likukoma. Ndinakuthokoza, ndipo kuyambira pamenepo wakhala ukukhulupirira kuti unandipusitsa.

Mwana wanga, ndinali kuseri kwa chitseko. Ndinamva supuni ikugunda mbale kamodzi kokha. Ndinawamva akuti, "Dzanja ili ndikulidziwa. Chotsa." Ndinamvanso zenera likutseguka, iwe ukukhuthula phala pa maluwa. Sindinakutsutse, chifukwa bodza lako linali la chifundo, ndipo tsiku limenelo ndinkalifuna. Anamwalira Loweruka lake, atamwa tiyi wa aneba.

Mukandifunsa ngati ndikanachitanso chimodzimodzi, yankho ndi inde, ndikanatchulanso dzina lomwelo pamaso pa komiti yomweyo. Koma musadzauze ana anu kuti agogo awo anachita chinthu chabwino n'kupeza mtendere. Mtendere sindinaupeze. Ndinakhala kukhitchini ndi mbale ija m'manja, yopanda kanthu, mayi anga ali ndi njala chipinda chotsatira, m'poto muli phala lokwanira anthu atatu.